Bafa la lendi: phimbani pomwe pamenya madzi, osati pomwe payang'ana alendo

Munthu wa lendi asagule matailosi a bafa lonse. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ambiri a ife tikangolowa m'nyumba yatsopano, maso amathamangira ku chipupa cha bafa: chakuda bii m'munsi, chobiriwira m'makona, penti ikusupuka ngati khungu la njoka. Mtima umati, "Mwezi ukatha ndikonza zonsezi." Kukonza n'kwabwino. Koma pali kukonza kothandiza inu amene mumasambamo tsiku ndi tsiku, ndipo pali kukonza kongokometsa nyumba ya mwini ndi ndalama zimene mwakhetsera thukuta. Maganizo anga ndi akuti wa lendi aike ndalama zake pa zinthu za mitundu iwiri chabe: zimene angachotse n'kupita nazo tsiku losamuka, ndi zotchipa zoti atazisiya sangalire. Chilichonse choposa pamenepo chiyambe ndi pepala losainirana ndi a landilodi.

Tisanawaweruze a landilodi, tikumbukire mmene nyumba zathu zinabwerera. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo. Nyumba za ZCCM nazonso zinagulitsidwa kwa anchito pamene migodi inali kupita m'manja mwa makampani, nchito imene inatha m'chaka cha 2000. Anthu ambiri kuno ku Kopala anatsala ndi nyumba koma opanda malipiro, ndipo nyumbayo inasanduka munda wawo: anamanga makabini kuseri, nadula zipinda, naikamo anthu a lendi. M'makomboni ngati Nkwazi ndi Chipulukusu kuno ku Ndola, kapena Ipusukilo ndi Mulenga ku Kitwe, nkhani ndi ina pang'ono. Kumeneko anthu anamanga okha, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, malinga ndi mmene thumba lalolera. Pa kamangidwe kotere bafa limabwera pomaliza, ndalama zitatha. N'chifukwa chake mabafa ambiri ndi mabuloko osapaka pulasitala, kapena opakidwa pulasitala ya mchenga wambiri simenti yochepa, imene imagumuka mukaikanda ndi chikhadabo.

Choncho a landilodi ambiri si anthu olemera obisa ndalama. Ena ndi madala opuma pa nchito, ena ndi amayi amasiye amene lendi yanu ndiyo unga wawo. Zimenezi sizichotsa udindo wawo, koma zimatiuza mmene tingakambire nawo.

Yambani ndi madzi, osati ndi mtundu wa penti

Chipupa cha bafa chimanyowa m'njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake. Yoyamba ndi madzi osamba amene amathovokera ku chipupa. Yachiwiri ndi nthunzi ya madzi otentha imene imasowa potulukira. Yachitatu, yovuta kwambiri, ndi chinyezi chochokera m'chipupa mwenimweni: paipi ikudontha mkati, denga likuthonya, kapena madzi a m'nthaka akukwera m'njerwa chifukwa pomanga sanayale pulasitiki pamwamba pa maziko. Ndola imalandira mvula yopitirira mamilimita 1,000 pachaka, yambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo m'malo otsika nthaka imakhala yonyowa miyezi yambiri. Mukaona ufa woyera ngati mchere m'munsi mwa chipupa, ndi penti yotupa ngati matuza, dziwani kuti madzi akuchokera pansi.

Pali njira yoyesera imene sifuna ndalama. Dulani kapulasitiki koonekera, kakukulu ngati tsamba la kope, mukamate pa chipupa ndi selotepi mbali zonse zinayi, mukasiye masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa pulasitiki, vuto ndi nthunzi, ndipo mankhwala ake ndi mphepo: tsegulani zenera, chotsani nsanza zimene wina anatsekera pa bowo la mpweya, siyani chitseko chotsegula mukatha kusamba. Madontho akakhala mkati, pakati pa pulasitiki ndi chipupa, ndiye kuti chipupacho chikutulutsa madzi chokha. Pamenepo chilichonse chimene mungapake kapena kumata chidzagwa, kaya n'chodula bwanji.

Chinyezi cha mtundu umenewu si chanu kukonza. Lamulo la lendi la dziko lino, Rent Act, Cap 206, limati ngati pangano lanu silinanene zina, mwini nyumba ndiye ayenera kusamalira chimango cha nyumba kuti ikhale yolimba ndi yoyenera kukhalamo anthu. Wa lendi udindo wake ndi kusunga nyumba mmene anaipezera, kupatulapo kutha kwa zinthu kobwera ndi nthawi. Paipi yophulika mkati mwa chipupa, denga lothonya ndi ngalande yotsekeka imene imabweza madzi ku maziko ndi nkhani za a landilodi. Auzeni msanga, ndipo auzeni pa meseji kuti mawu asauluke ndi mphepo.

Mapepala omata: chikomekome cha mkuyu

Pa pulogalamu ya achinyamata imene ndimathandizira pa wailesi ya m'dera lathu, funso la mapepala omata pa chipupa limabwera kawirikawiri. Mwawaona pa Facebook ndi pa TikTok, ena ooneka ngati njerwa zoyera, ena ngati mwala wonyezimira, ena a siponji ofewa. Mu vidiyo munthu amamata mphindi zochepa, bafa n'kusanduka la mu hotela. Chimene vidiyo sionetsa ndi chipupa chomwecho miyezi itatu ya mvula itapita.

Guluu wa mapepala amenewa anapangidwira malo osalala ndi ouma. Chipupa cha mu komboni n'chokhakhala, ndipo chimapuma chinyezi. Madzi akalowa pa mphepete imodzi, amakhala kuseri osauma, nkhungu n'kumera, mphemvu n'kupeza nyumba yofunda. Kunja kukuwala, mkati mukununkha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku losamuka mukamatula, pepalalo limachoka ndi penti ndi pulasitala yomwe, ndipo a landilodi amene sanaikepo ngwee pa bafalo amakuuzani kuti mwaononga nyumba, dipoziti yanu n'kuthera pomwepo.

Palinso nkhani ya moto. Tonse tikukumbukira 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, mmene magetsi anali kuzimira maola ambiri pa tsiku. Anthu anali kusamba ndi kandulo yoimika pa zenera la bafa. Mapepala a siponji aja sachedwa kugwira moto, ndipo utsi wake ndi woipa m'kachipinda kothina. Pa zinthu zonse zogulitsidwa zophimbira chipupa, izi ndizo ndinganene mosazengereza kuti zisiyeni m'sitolo.

Simenti, penti ndi laimu

Chodabwitsa n'chakuti tikukhala m'tauni ya simenti ndi laimu. Miyala ya laimu imakumbidwa pafupi pompano. Chilanga Cement ili ndi fakitale ku Ndola, Zambezi Portland Cement ili konkuno, ndipo Dangote inatsegula yake ku Masaiti mu 2015. Magalimoto odzaza matumba amatidutsa tsiku lililonse kupita ku Congo. Koma tikaganiza zokonza bafa, timayamba kuganiza za zinthu za pulasitiki zochokera kutali, kuiwala zimene zili pakhomo.

Chophimba chotchipa ndi cholimba kuposa zonse pa chipupa cha mabuloko ndi pulasitala yabwino yosalazidwa ndi chitsulo. Muyeso wake ndi ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zitatu za mchenga wosefa, wopanda dothi. M'masitolo a zomangira muli mankhwala othira m'simenti kuti madzi asamalowe. Tsatirani muyeso wolembedwa pa paketi, osati wa m'mutu mwa mmisiri. Pamene chipupa chikumana ndi pansi, uzani mmisiri aumbe mozungulira ngati m'kati mwa mbale, asasiye kona yakuthwa, chifukwa m'kona ndimo mumakhala litsiro ndi ndere. Akamaliza, muziwaza madzi pa pulasitalayo kwa mlungu wathunthu. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Ikauma mofulumira imang'aluka.

Kenako dikirani. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Pulasitala yatsopano imafuna milungu pafupifupi inayi isanalandire penti ya mafuta, apo ayi pentiyo imafewa n'kusupuka. Ikauma, pakani kaye penti yoyambira ya pa pulasitala, kenako gloss kawiri, kusiya tsiku pakati. Gloss ndiyo penti yonyezimira imene mumaiona m'munsi mwa zipupa za m'makiliniki ndi m'masukulu, ndipo anaisankha pa chifukwa: imatsukika ndi sopo. Simufunika kupaka mpaka ku denga. Pakani kufika pa phewa la munthu wamkulu, mita imodzi ndi theka, chifukwa madzi a m'beseni kapena m'ndowa sapitirira pamenepo kawirikawiri.

Pamwamba pake pakani laimu. Anthu amainyoza kuti ndi penti ya kumudzi, koma m'bafa ili ndi nzeru zake. Laimu imalola chipupa kupuma, nkhungu simera msanga pa iyo, imawalitsa kachipinda ka mdima, ndipo kubwereza chaka ndi chaka sikupweteka thumba. Kuipa kwake n'kwakuti imachoka ikamakhudzidwa ndi madzi kapena msana wonyowa, n'chifukwa chake malo ake ndi pamwamba. Posakaniza tetezani maso ndi manja, imaotcha.

Mawu awiri okhudza penti. Loyamba, musalole mmisiri kuisungunula ndi parafini kuti ichuluke. Imachedwa kuuma ndipo silimba. Lachiwiri ndi mtovu. Ife a m'Zambia sitifunika kuuzidwa zambiri za mtovu, popeza ana a ku Kabwe akuvutikabe nawo ngakhale mgodi unatsekedwa mu 1994. Penti zina za mafuta, makamaka zakale, zimakhala ndi mtovu, ndipo bungwe la World Health Organization limati palibe muyeso wa mtovu m'thupi umene tingati ndi wosavulaza. Gulani chitini cholembedwa kuti mulibe mtovu. Pochotsa penti yakale, nyowetsani chipupa kaye m'malo mopala chouma, ndipo ana akhale kutali mpaka mutasesa ndi kukolopa.

Matailosi: kona imodzi yakwana

Sindikudana ndi matailosi. Palibe chophimba chimene chimaposa tailosi yoikidwa bwino. Vuto ndi masamu ake, ndiponso mwini wake akaikidwa.

Tiyeni tiwerenge. Bafa la mita imodzi ndi theka m'lifupi, mamita 2 m'litali, lili ndi zipupa zozungulira mamita 7. Mukaika matailosi kufika mita imodzi ndi theka, ndi masikweya mita 10.5, kuchotsapo pa chitseko, atsala pafupifupi 9. Matailosi a masentimita 20 kwa 30 amalowa 17 pa sikweya mita imodzi. Ndiye kuti mufunika oposa 150, kuonjezapo ena khumi pa zana lililonse a osweka ndi odula. Pamwamba pa apo pali simenti yomatira, grout yotsekera m'mipata, thiransipoti ndi malipiro a mmisiri. Tsopano yang'anani pomwe mumaima posamba. Ndi kona imodzi, mita imodzi uku, mita imodzi uko. Kona imeneyo kufika mita imodzi ndi theka ndi masikweya mita 3 chabe, matailosi 51. Mwachepetsa ndalama katatu, ndipo mwaphimba malo amene amanyowadi.

Matailosi ochepa chotere safuna kugula makatoni atsopano. Funsani m'masitolo a zomangira za otsala a mtundu umene watha, kapena katoni imene ina inabenthuka m'makona. Pitani pomwe akumanga nyumba ku mayadi, mukambe ndi kapitawo za zodula zimene akufuna kutaya. Pemphani, musatole mwakuba. Zibenthu za mitundu yosiyanasiyana, zikayalidwa mwaluso ndi kutsekedwa bwino m'mipata, zimagwira nchito mofanana ndi tailosi yathunthu, bola mbali zakuthwa zikwiririke kuti zisacheke mwana. Mmisiri akamaliza, gogodani tailosi iliyonse ndi ndalama yachitsulo. Yolira ngati ng'oma ili ndi mphako kuseri, ndipo imeneyo ndiyo idzayamba kugwa.

Koma kumbukirani ichi: chimene mwamata ndi simenti pa chipupa cha mwini chasanduka mbali ya nyumba yake. Simungachigumule tsiku losamuka popanda mlandu. Choncho tailosi, ngakhale ya kona imodzi, ndi nkhani ya pangano.

Zimene mungasamuke nazo

Kwa amene sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala pa yadi yomweyo, njira yabwino ndi zophimba zochotseka. Mapanelo a PVC, omwe aja amaika ku siling'i, saola ndi madzi, ndi opepuka, ndipo amadulika ndi kasowo kakang'ono. Musawamate ndi guluu. Khomani timatabwa towonda pa chipupa, topakidwa mankhwala a chiswe, kenako mangani mapanelo pa timatabwato ndi masikuluu. Siyani kampata pansi ndi pamwamba kuti mphepo izidutsa kuseri. Tsiku losamuka mumasula, mutseka mabowo ndi simenti pang'ono, katundu wanu n'kukwera pa Canter pamodzi ndi bedi. Chenjezo lake ndi lakuti kuseri kwa mapanelo mphemvu zimakonda, ndiye muzimasula limodzi nthawi ndi nthawi n'kuona. PVC sigwirizananso ndi moto; mbaula yotenthetsera madzi ndi kandulo zikhale kutali.

Chotchipa koposa ndi katani ya pulasitiki yolimba, yopachika pa waya kapena pa kapaipi, motalikirana pang'ono ndi chipupa. Anthu amaiona ngati yongobisa thupi, koma ikapachikidwa kumbali ya chipupa imalandira madzi onse m'malo mwa pulasitala. Ikada mumaichapa n'kuyanika pa dzuwa. Ikang'ambika mumagula ina osadandaula. Kwa wophunzira wa ku NORTEC kapena wa ku Copperbelt University amene akhala m'kabini miyezi isanu ndi umodzi, katani ndi laimu zakwana.

Pali zina zoti musayese ngakhale mutapatsidwa ulere. Mabolodi a utuchi ndi makatoni amamwa madzi n'kutupa. Malata akale amachita dzimbiri ndipo m'mphepete mwake mumacheka. Choopsa koposa ndi mapepala akale a asibesitosi ochotsedwa pa madenga a nyumba za kumigodi ndi za khonsolo. Amaoneka olimba, ndipo ena amatchingira nawo mabafa a panja. Fumbi lotuluka powadula kapena powaboola limalowa m'mapapo n'kuyambitsa matenda, kuphatikizapo khansa, amene amaonekera patapita zaka zambiri. Musawacheke, musawapale, musawaswe.

"Nyumba si yako, uvutikiranji?"

Alipo anzathu amene amati zonsezi n'kutaya nthawi. Amati wa lendi ndi mlendo, asunge ndalama agule puloti yake. Mfundo yawo ili ndi mutu, ndipo pa nkhani ya matailosi a bafa lonse ndili kumbali yawo. Koma kunena kuti tisachite kanthu n'kuiwala kuti puloti imatenga zaka, pamene kusamba ndi kwa m'mawa uliwonse. Ambiri a ife tidzakhala pa lendi mpaka ana athu atayamba sukulu. Mwana amene akukwawa lero sadzadikira puloti kuti asagwire chipupa cha ndere n'kuika chala m'kamwa.

Chipupa chokhakhala sichitsukika, ndipo m'nyumba zambiri bafa ndi chimbudzi zili m'chipinda chimodzi kapena zagundana. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko lino, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale 2024, ndipo bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala. Penti siletsa kolera. Chimene chimaletsa ndi madzi abwino, chimbudzi chabwino ndi kusamba m'manja. Koma malo osalala amene mungatsuke ndi madzi a klorini ndi mbali ya ukhondo umenewo. Nkhungu nayo imavutitsa anthu a chifuwa cha mphumu. Potsuka, musasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, chifukwa zimatulutsa mpweya wopweteka m'mapapo.

Ena amaopa china, ndipo mantha awo ndi oona: ukakonza nyumba, a landilodi amabwera kudzaona, n'kuyamikira, mwezi wotsatira lendi yakwera, kapena akuti mwana wawo akufuna kulowamo. Zimachitika, ndipo palibe wa mu komboni amene sanamvepo nkhani yotere. Yankho lake si kukhala m'bafa lonunkha. Yankho ndi masamu ndi pepala.

Masamu ake ndi awa. Tengani ndalama zonse zimene nchitoyo idzadya, mugawe ndi miyezi imene muli otsimikiza kuti mudzakhalamo. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi ndi K1,200. Mukakhala zaka ziwiri, ndi K50 pamwezi. Mukachotsedwa patapita miyezi 4, ndiye kuti munali kulipira K300 pamwezi pamwamba pa lendi. Ngati yankho likukuwawani, tsikani pa njira yotchipa. Ndipo musatenge kaloba chifukwa cha chipupa cha mwini. Dikirani chilimba chanu chifike.

Pepala lisanafike thumba la simenti

Pitani kwa a landilodi mwaulemu, osati ndi mkwiyo wa pa foni. Mungayambe motere: "Atate, bafa lija chipupa chake chikugumuka, ndipo mvula ikubwera. Ine ndingagule simenti ndi penti, koma ndipempha kuti tizichotsa pang'onopang'ono pa lendi." Mwini nyumba wanzeru amadziwa kuti chipupa chonyowa chimagwa, ndipo kumanganso n'kodula kuposa kuchotsa pang'ono pa lendi miyezi ingapo.

Akavomera, lembani. Pepala la mu kope ndi lokwana, bola pakhale tsiku, maina ndi manambala a NRC a nonse awiri, nchito imene ichitike, ndalama zake, ndi zimene zizichotsedwa mwezi uliwonse. Lembaninso kuti lendi sikwera kwa miyezi yakutiyakuti, kuti mukachotsedwa nthawi isanakwane ndalama zotsala zidzabwezedwa, ndi zinthu zimene mudzachotsa posamuka. Pakhale mboni mbali zonse ziwiri. Jambulani pepalalo ndi foni, jambulaninso bafa musanayambe ndi mutamaliza. Sungani malisiti. Lendi muzilipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo ngati n'kotheka, chifukwa meseji imatsala ngati umboni. Zinthu zikavuta, kuno ku Ndola kuli Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama komwe munthu amadziimira yekha popanda loya. Kumeneko wokhala ndi pepala amamveka msanga kuposa wonena kuti "tinagwirizana pakamwa".

Ena amati kupempha pepala n'kusakhulupirira munthu wamkulu. Ine ndimaona kuti pepala limateteza ulemu. Anthu amaiwala, eni nyumba amamwalira, ana awo amabwera osadziwa zimene munapangana ndi makolo awo. Akakana kusaina, mwaphunzirapo kanthu musanataye ndalama. Gulani katani ndi laimu, basi.

Bafa la yadi yonse

Pa mayadi ambiri a ku Nkwazi bafa ndi limodzi, la panja, la mabanja anayi kapena asanu. Pamenepo mutu umodzi susenza denga. Khalani pansi, musonkhe, mupite kwa a landilodi pamodzi, chifukwa mawu a zitseko zisanu amalemera kuposa a chitseko chimodzi. Ndipo musanakambe za mtundu wa penti, funsani amayi ndi atsikana a pa yadi chimene chimawavuta. Kawirikawiri sadzatchula matailosi. Adzatchula chitseko chopanda loko, chipupa chachifupi choti wodutsa amasuzumira, mabowo a pakati pa mabuloko, mdima wa usiku ndi pansi poterera. Thumba limodzi la simenti lotseka mabowo ndi kukweza chipupa mizere iwiri, pamodzi ndi kachitsulo kotsekera chitseko mkati, zimachita zambiri kuposa chokongoletsa chilichonse. Pansi pakhale potsetsereka kuti madzi azipita ku ngalande kapena ku dzenje la miyala, osati ku maziko a nyumba kapena pakhomo pa aneba.

Nchitoyo mupatse mnyamata kapena mtsikana wa mu komboni momwemo amene anaphunzira zomanga. Pitani mukaone bafa limene anakonza chaka chatha, osati chithunzi cha pa foni. Gwirizanani mtengo wa nchito yonse, zipangizo mugule nokha mutafunsa m'masitolo atatu, ndipo ndalama yomaliza mupereke nchito itatha.

Kwa a landilodi amene mwawerenga mpaka pano, wa lendi amene akupempha kukonza bafa ndi amene akufuna kukhalitsa, ndipo wokhalitsa ndiye amalipira bwino. Mukamukwezera lendi chifukwa cha thukuta lake, wotsatira sadzakhoma ngakhale msomali umodzi, ndipo chipupa chidzagwera inu.

Nthawi yabwino ya nchitoyi ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, zipupa zili zouma, mvula isanayambe. Pulasitala ya mu Seputembala imakhala yokonzeka kulandira penti mu Okutobala. Matani kapulasitiki koyesera kaja mlungu uno, muone komwe madzi akuchokera, kenako mutenge kope ndi bolopeni mukagogode kwa a landilodi.